Chifukwa chake osewera asanu akutsogolo sawakha mpira mu NFL

Mwafunsa chifukwa chimene amuna asanu ojintcha oima kutsogolo aja sathamangira kukawakha mpira pa masewera a NFL, ligi yaikulu ya mpira wa American football ku America. Lamulo ndi limene limawaletsa. Timu imene ili ndi mpira imakhala ndi osewera 11, ndipo osachepera 7 ayenera kuima pa mzere woyambira. Pa mzerewo, awiri okha a kumapeto ndiwo amaloledwa kulandira mpira woponyedwa kutsogolo. Asanu apakatiwo, amene ndi center (wapakati penipeni), ma guard awiri (oyandikana naye) ndi ma tackle awiri (otsatira ma guard), amavala manambala a 50 mpaka 79, ndipo ntchito yawo ndi kutchinga adani.

Center amayambitsa sewero podutsitsa mpira pakati pa miyendo kupereka kwa quarterback, wosewera amene amaponyera anzake mpira, komanso nthawi zambiri ndiye amauza anzake woti aliyense amutchinge. Koma muziyang'anitsitsa tackle wakumanzere. Quarterback woponya ndi dzanja lamanja amafulatira mbali imeneyo, choncho tackle akachedwa pang'ono chabe, mnzakeyo amagwetsedwa ndi munthu amene sanamuone n'komwe, mwinanso mpira n'kupulumuka m'manja.

Zolakwa za asanuwa zimapweteka kwambiri. Timu imapatsidwa mwayi kanayi kuti ipite mayadi 10. Wina akagwedezeka center asanapereke mpira, timu imabwezedwa mayadi 5. Akakoka mdani ndi manja, mayadi 10.

Nthawi zina mmodzi wa iwo amawakha ndithu, makamaka pafupi ndi mzere wogoletsera, koma ayenera kuyamba wauza woimbira, n'kuima kumapeto kwa mzere kapena kumbuyo kwake.