Funsani Ankolo a Mabuku: kodi ABC angamasule kapolo?

FUNSO: Ankolo, kukoleji tikuphunzira mabuku olembedwa ndi anthu omwe anali akapolo ku America nde aphunzitsi akungobwereza zoti Frederick Douglass anamasulidwa ndi kuwerenga. Ine sizikundilowa. Munthu ali mu unyolo, kunja kuli agalu ndi mfuti, ABC amuthandiza chani? Si zongotinyengerera kuti tizilimbikira sukulu izi? Ndine mphwanu wachaka choyamba.

YANKHO: Mphwanga, theka la zomwe wanenazo ndi zoona, palibe anadulapo unyolo ndi pensulo. Koma tadzifunsa kaye kuti nanga eni akapolowo ankanjenjemera chani. Ku South Carolina akapolo ataukira ku Stono mu 1739, chaka chotsatira boma linakhazikitsa lamulo loti wophunzitsa kapolo kulemba alipire faini ya mapaundi 100. Ataukiranso Nat Turner ku Virginia mu 1831, munthu yemwe ankawerenga Baibulo ndikumalalikira anzake, malamulo otere anangokhwimirakhwimira, mpaka mu 1854 mayi wina wachizungu, Margaret Douglass, anagona mwezi wathunthu mu jele ku Norfolk chifukwa chophunzitsa ana achikuda, ana oti sanali akapolonso ayi.

Chinsinsi chake nchoti ukapolo wa kumeneko unkayendera mapepala. Kapolo akatuluka pamunda wa bwana wake ankayenera kunyamula chiphaso chosainidwa, chifukwa usiku kunkayenda magulu a azungu pa mahatchi omafunsa aliyense wakuda kuti pepala lako lili kuti, ndipo ngakhale womasuka amene ankayenda ndi mapepala ake mthumba apo ayi amugwira akamugulitse. Nde taganiza, kapolo wodziwa kulemba atha kudzilembera yekha chiphaso nkusaina dzina la bwana. Ndichifukwa chake lamulo la 1740 lija linalimbana ndi kulemba kwenikweniko.

Frederick Douglass anabadwira ku Maryland cha m'ma 1818, ali ndi zaka pafupifupi 8 anamutumiza ku Baltimore kwa Hugh Auld, ndipo mkazi wa Hugh, Sophia, anayamba kumuphunzitsa zilembo mosadziwa kuti walakwa. Bamboyo atazitulukira anakalipa mwanayo ali pompo akumva, amvekere kapolo wodziwa kuwerenga sungamusungenso. Maphunziro anathera pomwepo koma mwana anali atamva zomwe samayenera kumva. Anayamba kuika buledi mthumba akatumidwa, kumapatsa ana osauka achizungu mumsewu iwo nkumamuwerengetsa. Zolemba anazibera kokhomera zombo, komwe akalipentala ankalemba L, S, F kapena A pathabwa kusonyeza mbali ya chombo yomwe likakhale, iye nkumakopera ndi choko pampanda, kenako akakumana ndi mnyamata wa sukulu nkumuputa dala kuti ine ndimalemba kuposa iwe. Winayo pofuna kumuonetsa amalemba zilembo zina zatsopano, basi phunziro laulere.

Mu 1836 anadzilemberadi ziphaso zabodza iye ndi anzake, koma wina anawaulula asananyamuke. Pogwidwa Douglass anaponya chake pamoto mwakabisira, mnzake Henry atamufunsa panjira kuti changa nditani anamuuza kuti idya pamodzi ndi bisiketi yakoyo ndipo usavomere kanthu. Ukuona, pepala lomwelo likanawapulumutsa linasanduka umboni woti ungawaphetse. Ndipo pomwe anathawadi pa 3 September 1838 sanalembe kalikonse, anavala ngati wogwira ntchito m'zombo, mapepala anabwereka kwa munthu wakuda womasuka, ndalama ya sitima inachokera kwa Anna Murray, yemwe anadzakhala mkazi wake, mayi woti sanadziwe kuwerenga bwinobwino moyo wake wonse. Aphunzitsi ambiri Anna samutchula nkomwe ndipo ine zimandinyansa. Mwini wake Douglass analemba kuti nthawi zina kuwerenga ankakuona ngati tsoka, kunamuonetsa dzenje lomwe analimo koma makwerero osamupatsa. Kawafunse aphunzitsi akowo za chiganizo chimenecho.

FUNSO: Ankolo, ndaona kuti mabuku amenewa pachikuto amalemba kuti "analemba yekha", komanso kumayambiriro kumakhala makalata a azungu omuikira umboni wolembayo. Bwanji? Ndine mayi wokonda kuwerenga.

YANKHO: Mayi mwaona bwino, ndipo nkhani yake njowawa. Ukapolo unkadziikira kumbuyo ponena kuti anthu akuda alibe nzeru zolembera buku, nde wina akalemba anthu ankati wamulembera mzungu. Phillis Wheatley, yemwe anafika ku Boston ali kamtsikana mu 1761 pachombo cha akapolo, ndakatulo zake zinasindikizidwa ku London mu 1773 zitatsagana ndi kalata ya akuluakulu 18 a mu Boston, kuphatikizapo wandale wotchuka John Hancock, yotsimikiza kuti eedi analemba ndi iyeyo. Thomas Jefferson, yemwe anadzakhala pulezidenti wa America, anazinyozabe. Douglass naye ankalankhula mwaluso pamisonkhano mpaka ena kumati uyu sanakhalepo kapolo, nde mu buku lake la 1845 anatchula maina enieni a mabwana ake ndi malo, zomwe zinamuika pachiswe moti anathawira ku Britain, ndipo anzake a kumeneko anachita kusonkha mapaundi 150 kumugula kwa a Auld kuti abwerere ali mfulu. Munthu kulemba buku lotchuka chonchija koma pamalamulo akadali katundu wa wina.

Koma yomwe imandigwira mtima kwambiri ndi ya Harriet Jacobs wa ku Edenton, North Carolina. Iyeyu kuwerenga kunamubweretsera mavuto poyamba, bwana wake Dr James Norcom yemwe ankamufuna zachipongwe ankamupatsira timakalata tonyansa, iye nkumanamizira kuti satha kuwerenga. Kenako anabisala pafupifupi zaka 7 m'kachipinda ka kudenga kwa agogo ake, kosafika mita imodzi kupita m'mwamba, kosatheka kuimirira, ana ake akumawasuzumira pakabowo komwe anaboola yekha. Ali mmenemo ankalemba makalata, wina nkupita nawo kumpoto kwa America, komwe akapolo ankathawira, kukawaponya ku positi ya kumeneko, Norcom nkumaganiza kuti mkaziyu ali kutali pomwe ali mtauni momwemo. Buku lake linatuluka mu 1861 pa dzina loti Linda Brent, ndipo kwa zaka zoposa 100 akatswiri ambiri ankaliyesa nthano yopeka ya mkonzi wake wachizungu Lydia Maria Child, mpaka Jean Fagan Yellin atapeza makalata ake m'zaka za m'ma 1980.

FUNSO: Nanga omwe sankadziwa kuwerenga, ndekuti alibe mbiri? Ndine wowerenga wanu wa nthawi zonse.

YANKHO: Ali nayo achimwene, ndipo ndi omwe anali ambiri mwa akapolo pafupifupi 4 miliyoni omwe anawerengedwa mu 1860. Harriet Tubman sankatha kuwerenga koma atathawa ukapolo anabwerera ku Maryland maulendo pafupifupi 13 nkutulutsa anthu okwana ngati 70. Sojourner Truth, mayi yemwe anali kapolo nkudzakhala wolimbana ndi ukapolo, mbiri yake ya 1850 anachita kufotokozera Olive Gilbert nkumulembera. Mbali inayi kuli Omar ibn Said, wophunzira wachisilamu wa ku West Africa yemwe analemba mbiri yake m'Chiarabu mu 1831, munthu wodziwa kulemba kuposa azungu ambiri omuzungulira, koma anamwalira ali kapolo ndithu.

Mukafuna mawu a anthu wamba sakani zomwe boma la America linasonkhanitsa pakati pa 1936 ndi 1938, pomwe nkhalamba zoposa 2,300 zomwe zinabadwira mu ukapolo zinafunsidwa za moyo wawo. Ziwerengeni mosamala, ofunsawo ambiri anali azungu a kum'mwera kwa America komwe kunali ukapoloko ndipo nkhalamba zinkadziwa kusankha mawu. Ukapolo unathetsedwa mu 1865 koma masewera a mapepala aja sanathe, maboma a kum'mwera anadzayambitsa mayeso a kuwerenga kwa ofuna kuvota, woyesa ali mzungu yemwe ankasankha yekha wokhoza ndi wolephera, ndipo zinatenga lamulo la 1965 kuti mayeso amenewo ayambe kuchotsedwa.