Ma request ambiri nthawi imodzi pa Tor: siyani kudalira NEWNYM

Achimwene, mwafunsa chifukwa chake ma thread onse a script yanu ya Python akutulukira pa IP imodzi pa Tor, network yobisa IP ya munthu, chonsecho mukutumiza NEWNYM (lamulo louza Tor kuti asinthe njira) kudzera pa stem (library ya Python yolamulira Tor) request iliyonse isanapite, komanso chifukwa chake script ikukwawa ngati nkhono. Chikukuchedwetsani ndi NEWNYM yomweyo. Tor savomera lamuloli pafupipafupi, amafuna papite masekondi pafupifupi 10 musanalibwereze. Komanso silisankha thread, limakhudza Tor yense, ndipo limangonena kuti ma connection atsopano asadutsenso ma circuit akale, kutanthauza njira zodutsa m'makompyuta a Tor otchedwa ma relay. Amene ali otsegula kale amapitiriza njira yawo. Ndiye ngati muli ndi requests.Session imodzi imene ikusunga connection, mukuwa mpaka mawu kutha pa port 9051, polamulira Tor, koma IP osasintha.

Chimene mukufunacho Tor ali nacho kale, dzina lake IsolateSOCKSAuth, ndipo chimakhala choyatsa ngakhale musanakhudze torrc, file ya ma settings a Tor. Tor akaona ma connection awiri abwera pa port 9050, polowera SOCKS proxy yake, ndi username ndi password zosiyana, sawaika pa circuit imodzi. Safufuza n'komwe ngati password yo ndi yoona, amangoigwiritsa ntchito powalekanitsa. Choncho thread iliyonse ipatseni Session yakeyake ndi proxy yakeyake: yoyamba socks5h://ntchito1:x@127.0.0.1:9050, yachiwiri socks5h://ntchito2:x@127.0.0.1:9050, choncho choncho. Mukafuna circuit yatsopano mungosintha dzinalo. Ngati Tor wanu ndi wa mu Tor Browser, port ndi 9150.

Onetsetsani ka h kali pa socks5h. Mukalemba socks5 yokha, kompyuta yanu imayamba yafunsa DNS wa kampani yanu ya intaneti kuti website ija ili pati, kenako n'kudutsa pa Tor. Apo ndiye kuti akudziwa kale kumene mukupita. Ka h kamachititsa kuti dzina la website likamasulidwe ku exit relay, relay yomaliza imene request imatulukirapo. Musaiwalenso pip install requests[socks]. Okonda asyncio, aiohttp payokha sadziwa SOCKS, mufunika aiohttp-socks ndi ProxyConnector, muike rdns=True.

Poyesa, thread iliyonse itsegule check.torproject.org/api/ip, imabweza IP imene mwatulukira ndi IsTor, yosonyeza ngati mwadutsadi pa Tor. Mukaona ma thread awiri ali ndi IP yofanana musadabwe. Circuit yosiyana sikutanthauza exit yosiyana, chifukwa Tor amasankha ma relay molingana ndi mphamvu zawo, ndiye ma exit akuluakulu amagwa kawirikawiri. Circuit nayonso imasiya kulandira ma connection atsopano pakatha mphindi 10, malinga ndi setting ya MaxCircuitDirtiness.

Pa za kuchuluka kwa ma thread, ine ndinganene kuti chepetsani. Request iliyonse imadutsa ma relay atatu, guard (wolowera), wapakati ndi exit, ndipo ma circuit anu onse amalowera pa guard mmodzi kapena awiri. Kuwonjezera ma thread sikukulitsa khomo limenelo. Ikani Semaphore kapena max_workers pa 5 kapena 10, timeout ikhale yotalikirapo, ndipo request ikalephera idikire kaye isanabwereze. Ma relay amenewa amayendetsedwa ndi anthu ongodzipereka, ndipo ena akuwadalira kuti awerenge nkhani kumene boma latseka intaneti.

Kubisa IP si kubisala konse ayi. requests imadzitchula yokha mu User-Agent kuti python-requests, ndipo ma cookie ogawana pakati pa ma thread amawamanganso onse pamodzi. Mukalowa pa akaunti ya dzina lanu ndiye basi, zatha. Gwiritsani https nthawi zonse, poti mwini exit amawerenga chilichonse chosabisidwa: mu 2007 Dan Egerstad wa ku Sweden anatola ma password a maimelo a maofesi a akazembe pongoyendetsa ma exit ake. Mndandanda wa ma exit uli poyera, n'chifukwa chake ma website ambiri amakuponyerani captcha kapena error 403 yokukanizani kulowa. Akatero, kusintha circuit sikuthandiza kwenikweni. Onani ngati ali ndi API, kapena alembereni muwapemphe data yo.