Makina osokera asakwere pa wadiropu

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Leeds, kuno ku England. Akuti mwana wawo wamkazi wa zaka 11 watha holide yonse akusoka tizikwama ndi zidutswa za chitenje, pomwe mlongo wake wa zaka 8 wakhala akupinda galimoto za mawaya ndi bambo ake. Pano mtsikanayo akulowa Year 7, chaka choyamba cha sekondale, ndiye abambo a m'nyumbamo alamula kuti makina osokera akwezedwe pa wadiropu mpaka Khirisimasi, ana aike mtima pa sukulu. Funso lawo ndi lakuti, kodi abambowa akulakwitsa?

Achemwali, mantha a alamu angawo ndikuwamvetsa. Mwana akuchoka ku pulayimale komwe amakhala ndi mphunzitsi mmodzi tsiku lonse, akupita kumene phunziro lililonse lili ndi mwini wake, aliyense ndi homuweki yake. Komanso ambirife tinaleredwa ndi mawu akuti masewera sadyetsa. Koma za wadiropuzo ayi, sindikuvomereza.

Chifukwa changa chachikulu ndi mdima. Mu Juni kuno dzuwa limalowa 9 koloko itadutsa, ana n'kumasewera panja mpaka kuwaitana katatu. Lamulungu lomaliza la Okutobala mawotchi amabwezedwa m'mbuyo ndi ola limodzi, ndipo pofika Disembala ku Leeds kwanuko 4 koloko imakwana dzuwa litalowa kale. Mwana amaweruka, kufika pakhomo kunja kuli bii, kamvula kali waa. Kwathu tinkati tikaweruka n'kuvula yunifolomu, phada ndi fulaye zinkatidikira pabwalo mpaka cha m'ma 6. Kuno bwalo limenelo kulibe kwa miyezi inayi kapena isanu. Ndiye mukachotsa makina, musaganize kuti malo akewo alowa mabuku. Ilowa ndi foni.

Ndikunena zimene zinandichitikira. Chaka china mnyamata wanga anagwa m'chikondi ndi galimoto za mawaya. Mahang'ala onse a m'nyumba anatha. Mateyala anali zitsekero za mabotolo a mkaka, zomangira zake malegeni amene tinadula ku chubu chakale cha njinga, chiwongolero chachitali chomufika m'chiuno. Ankayendetsa lole yakeyo m'khonde, pakamwa pakulira injini, pena kuima kuti asinthe giya. Sukulu itayandikira ndinalongedza zonse m'katoni, n'kumuuza kuti tidzatsegula pa holide. Tinadzatsegula mu Epulo. Anangoyang'ana, n'kunena kuti ndi za ana, basi. Pulayala yake yopindira mawaya mpaka lero ili m'dirowa.

Ndiye ine ndikuti chepetsani ntchitoyo koma makina akhale poonekera, ngakhale pakona pa thebulo lodyera. Chinthu chofuna kukwera pampando kuti uchitsitse sichigwiritsidwa ntchito Lachitatu madzulo. Masiku awiri pa sabata, homuweki ikatha, theka la ola ndi lokwana. Zikuluzikulu monga siketi kapena diresi zidikire holide ya sabata imodzi ija ya kumapeto kwa Okutobala.

Masiku otsalawa mupatseni ntchito ya sukulu yomweyo. Asokerere yekha timapepala ta dzina lake pa juzi ndi zovala za masewera, poti zovala zopanda dzina zimasowa sabata yoyamba yomwe. Apinde thalauza la mlongo wake limene mwagula lalitali dala kuti akule nalo (tonse timatero, musachite manyazi). Asoke kachikwama ka mapensulo ka chitenje, aphunzirepo kuika zipi. Chikwama chachikulu cha mabuku muyambe mwawerenga malamulo a sukuluyo, chifukwa masekondale ena kuno salola mitundu yowala, ndipo sitifuna kuti ntchito ya manja ake ibwezedwe pageti tsiku loyamba.

Kwa abambowo, njira yake si kukangana nawo. Awonetseni ndandanda wa maphunziro. Mu Year 7 muli phunziro la Design and Technology, ndipo m'sukulu zambiri gawo lina la phunziroli ndi kusoka kumene. Kuyeza nsalu, kusiya sentimita imodzi ndi theka ya msoko, kuwerengera kuti mita imodzi itulutsa tizikwama tingati, amenewo ndi masamu. Mungawakumbutsenso mwaulemu kuti amene wakhala akumaliza mahang'ala anu ndi iwowo.

Chimodzi chokha ndikupempheni: makinawo asasanduke chikwapu. Mukayamba zoti "ukalephera mayeso ndikulanda," mwana amayamba kusoka ndi mantha, kenako amangosiya yekha musanamulande n'komwe.

Zidutswa za chitenje zikatha mundiuze. Ndili nazo jumbo yodzaza zimene ndinatola kwa telala wina wa pakhonde ku Limbe, ndipo wanga uja sazifuna.