Si zonse ndi SQL? Ayi, achimwene

Wina wanditumizira imelo. Akufuna kusamutsa database (nkhokwe ya zolembedwa pa kompyuta) ya kuntchito kwawo kuchoka pa pulogalamu ya MySQL kupita pa ya PostgreSQL, zimene zonse zimalamulidwa ndi chilankhulo cha SQL, ndiye akufunsa kuti, "Si zonsezo ndi SQL? Chingavute n'chiyani?"

Achimwene, mwandikanda pachilonda. Inenso ndinkaganiza choncho tsiku limene ndinasamutsa kaundula wa mamembala a kagulu kena kosunga ndi kubwereketsa ndalama. Linali Lachisanu madzulo, ndikudziuza kuti nsima ndikadyera kunyumba. Tambala woyamba analira ndidakali mu ofesi, tiyi atazizira m'kapu.

Zimene zinandichedwetsa usikuwo zinali zaulemu, chifukwa zinkakuwa. PostgreSQL anakana ma backtick (`), tizizindikiro timene MySQL amakutira nato mayina a matebulo. Anakana AUTO_INCREMENT, yopatsa membala aliyense watsopano nambala yotsatira, ndinaika SERIAL m'malo mwake. Anakananso deti ya 0000-00-00 imene MySQL yakale inkameza osatafuna, ndipo mamembala ambirimbiri anali "atabadwa" pa tsiku limenelo.

Chimene chinandichititsa manyazi sichinalire n'komwe. Lolemba m'mawa, mayi wa pa kauntala analemba "banda" pofufuza dzina, kompyuta n'kuti palibe munthu wotere. A Banda eni akewo ataima potero ndi kabuku kawo m'manja, nkhope itasintha, akuganiza kuti ndalama zawo zadyedwa. MySQL nthawi zambiri sasiyanitsa zilembo zazikulu ndi zazing'ono. PostgreSQL amasiyanitsa, pokhapokha mutagwiritsa ntchito ILIKE kapena lower().

N'chifukwa chake sindimvanso za anthu oti SQL ili ndi muyezo umodzi kuyambira 1986. Muyezowo ulipodi, koma aliyense amautsatira pamene wafunira. Zili ngati Chichewa cha ku Lilongwe ndi Chinyanja cha ku Lusaka: mumvana bwinobwino mpaka mawu amodzi akusokeretseni. Chizindikiro cha || pa PostgreSQL chimalumikiza mawu, pa MySQL chimatanthauza OR. Oracle ndiye amaona mawu opanda kanthu ngati NULL, kutanthauza kuti palibe chimene chinalembedwa. Pofuna mizere yochepa chabe, SQL Server amafuna TOP pamene MySQL ndi PostgreSQL akuti LIMIT. Ndisayambe za GROUP BY, tingagone pano.

Ndiye muchite chiyani?

Samutsani ndi pgloader, pulogalamu yosamutsira zinthu ku PostgreSQL, pa kope kaye osati pa database yeniyeni. Mukatha, onani ma sequence, amene amapereka nambala yotsatira, ndipo ngati atsalira m'mbuyo akonzeni ndi setval, apo ayi membala watsopano adzapatsidwa nambala ya munthu wina, PostgreSQL n'kumukana. Kenako muitane wa pa kauntala afufuze mayina mmene amalembera iyeyo tsiku ndi tsiku. Ndipo musayambe Lachisanu.