Bligh sanagwe chifukwa cha mowa wokha

Achimwene, mwafunsa ngati asilikali a ku Sydney, ku Australia, anagwetsadi bwanamkubwa William Bligh chifukwa cha mowa basi. Mowa wa ramu unalimo ndithu, poti anthu ankagulirana nawo zinthu ngati ndalama ndipo Bligh analetsa zimenezo, koma phata la mkangano linali ulamuliro ndi malo.

John Macarthur, yemwe kale anali msilikali, anabwerera kuchokera ku London mu 1805 ndi chilolezo cha maekala 5,000 ku Cowpastures, dera la kufupi ndi Sydney, oti aziwetapo nkhosa za merino, zaubweya wofewa zija. Malowotu anali ndi eni ake, Aaborijini, koma palibe anawafunsa. Bligh, munthu waukali ndi wapakamwa, sankamwerana madzi ndi Macarthur. Macarthur atazengedwa mlandu wokhudza sitima yake, asilikali otsogozedwa ndi George Johnston anagwira Bligh pa 26 January 1808.

Lachlan Macquarie anatenga ulamuliro mu 1810, Johnston n'kuchotsedwa usilikali mu 1811. Macarthur anachoka n'kukhala kunja kwa Australia mpaka 1817, ndipo chimene ambiri amaiwala n'chakuti zaka zonsezo woyang'anira nkhosazo anali mkazi wake, mayi Elizabeth.