Wokumba miyala ndi wachifwamba: ndani akuika moyo pachiswe?

Ndinali ndi nkhani ina yoti ndilembe sabata ino, koma imelo imodzi yandisokoneza. Owerenga wina amene amasewera Elite Dangerous, gemu ya pa intaneti yoyendetsa zombo za m'mlengalenga, akuti amakonda kukumba miyala ndi kunyamula katundu, ndipo anzawo akumawanena kuti ndi amantha chifukwa amasewera mu Solo, momwe munthu wina sangawaombere. Akufunsa ngati n'chilungamo kuti wobisala azilandira mphotho yofanana ndi amene amayenda poyera mu Open.

Achimwene, mwandiponda pachilonda.

Ine gemu imeneyi ndinailowa ndi mtima wofufuza nyenyezi. Mlalang'amba wake uli ndi nyenyezi pafupifupi mabiliyoni 400, ndiye ndinati bwanji ndikaone Sagittarius A*, dzenje lakuda lija lili pakatikati, kutali koti kuwala kumatenga zaka pafupifupi 26,000 kuti kukafike kuchokera ku Sol, kumene kuli dzuwa lathuli. Ndinatenga chombo changa cha Asp Explorer, n'kuchotsa mfuti zonse ndi chilichonse cholemera kuti chizidumpha patali kuchoka pa nyenyezi ina kupita pa ina. Usiku uliwonse ndikaweruka kuntchito inali nyimbo imodzimodzi: kudumpha, kutunga mafuta pa nyenyezi, kujambula mapulaneti, kudumphanso. Milungu isanu ndi umodzi. Kwa amene simudziwa, zojambulazo si ndalama mpaka mutakazigulitsa pa siteshoni, ndipo chombo chikaphulika zimapita nacho limodzi. Ngakhale dzina lanu silimalembedwa pa pulaneti lomwe munali woyamba kuliona ngati simunafike kukagulitsa.

Pobwerera ndinalowa Open mwadala. Ndinali nditasowa anthu, ndimafuna wina andilembere ka "o7" ka moni kaja. Ndili pafupi kufika, chombo china chinandikoka kundichotsa panjira. Mwini wake sanandiuze kuti ima, sanafunse kuti wanyamula chiyani. Ndisanapeze n'komwe batani lothawira, ndinali ndikuyang'ana tsamba la inshuwalansi. Chombo ndinachiombola ndi 5 peresenti ya mtengo wake, zimenezo sizinandiwawe. Milungu isanu ndi umodzi ija ndiye palibe anandibwezera.

Chimene chimandinyansa mpaka lero n'chakuti munthuyo sanapindule kalikonse. Ndinalibe katundu woti atole. Wachifwamba weniweni, amene amakuimitsa n'kunena kuti tayako matani khumi uzipita, ndimamulemekeza, chifukwa tonse awiri tikusewera. Uyu ayi.

Anthu amene amafuula kuti "mphotho izitsata chiopsezo" ndimagwirizana nawo pa mawuwo. Walira mvula walira matope. Koma tafunsani kuti matopewo akuponda ndani. Munthu ali mu chombo chankhondo cha Fer-de-Lance chokometsedwa ndi mainjiniya mbali zonse, akuthamangitsa Type-9 yonyamula katundu yopanda mfuti yomwe kukhota kokha imatenga chaka, iyeyo waika chiyani pachiswe? Palibe. Wolimba mtima pamenepo ndi wonyamula katunduyo. Mu 2018 a Frontier, opanga gemuyi, anaika chilango chotchedwa notoriety kwa opha anzawo, koma chimatsika chokha pakapita maola angapo uli mu gemu, moti ena amangoimika chombo n'kukagona.

Nkhaniyi si ya lero. Mu 1996 Richard Bartle, katswiri wa magemu a pa intaneti, anagawa osewera m'magulu anayi: ofuna kukwera ndi kulemera, ofufuza, okonda kucheza, ndi okonda kupha anzawo. Anaonanso kuti akuphawo akachuluka enawo amathawa, kenako akuphawo amasowa womupha n'kuchokanso. Gemu ya Ultima Online inalawa zimenezi, ndipo mu 2000 inagawa dziko lake pawiri: Felucca kophana mwaufulu, Trammel kotetezedwa. Khamu linasamukira ku Trammel.

EVE Online, gemu inanso ya zombo za m'mlengalenga yomwe inatuluka mu 2003, inasankha njira ina. Kulibe Solo. Dera lililonse lili ndi nambala ya chitetezo: kuyambira 1.0 mpaka 0.5 kuli apolisi a CONCORD, kutsika pamenepo uziona wekha, ndipo miyala yamtengo wapatali ili koopsako. CONCORD siletsa munthu kukuombera, imangomuphulitsira chombo chake pambuyo pake, ndipo wokuomberayo inshuwalansi siimulipira. Choncho wachiwembu amayamba wawerengera ngati katundu wako aposa mtengo wa tizombo tomwe ataye. Sindikuti n'zokoma kuphedwa kumeneko, koma mwina naye waluzako kanthu. Ndipo kumeneko wokumba ndi wankhondo amadyerana, chifukwa pafupifupi chombo chilichonse chimapangidwa ndi osewera. Pa nkhondo ya ku B-R5RB mu Januwale 2014, yomwe inabuka chifukwa gulu lina silinalipire bilu yosungira dera lake, zombo zazikulu za mtundu wa Titan zokwana 75 zinaphulika. Chitsulo chonsecho anakumba ndani? Omwe aja amatchedwa amantha.

EVE yomweyo inasonyezanso mbali inayo. Mu Julaye 2019 opanga gemuyo anazimitsa mndandanda woonetsa amene ali nawe m'dera ku nullsec, madera opanda chitetezo chilichonse, kuti alenje azifika mosaoneka. Alenje anaomba m'manja. Okumba ndi osaka ndalama ambiri anangosiya kulowa, ndipo mu Seputembala mndandandawo unabwezeretsedwa. Munthu sungamukakamize kukhala nyama ya mnzake pa nthawi yake yopuma. Ali ndi batani lozimitsira kompyuta.

Pano ndanena kale zambiri, koma ndisaiwale a Fuel Rats. Awa ndi osewera a Elite amene amauluka mtunda wautali kukapatsa mafuta munthu wosamudziwa amene wathedwa pakati pa nyenyezi, ulere. Gemu siwalipira kanthu. Ulendo wa Distant Worlds II mu 2019 anaulembetsa anthu oposa 13,000, kupita ku Beagle Point kumalekezero a mlalang'amba, pomwe kukumba miyala kukanawapatsa ndalama zambiri. Ndiye amene amayeza zonse ndi "makirediti angati pa ola" sanamvetse chimene chimasunga anthu mu gemu. Ine ndafika pokana kotheratu zoti masewero onse azilipira mofanana. Chofunika n'chakuti wina asamasangalale pongotentha nthawi ya mnzake iye osataya kanthu.

Pomwe anzanuwo akunena zoona

Pali malo amodzi. Mu Elite, Solo, Private Group (momwe mumakumana ndi a m'gulu lanu okha) ndi Open zonse zimasuntha mlalang'amba umodzi. Mukamanyamula katundu wa Powerplay (mpikisano wa magulu olimbirana madera) kapena wogwetsa gulu la anthu ena muli mu Solo, mukumenya anthu amene sangakuoneni, ndipo pamenepo madandaulo awo ndi omveka. Mu 2018 a Frontier anafunsapo maganizo a osewera zoti Powerplay ikhale ya mu Open mokha, koma sizinachitike. Ine ndikanavomera, kapena kuti wochitira mu Open aziwonjezeredwa pang'ono.

Koma kukumba kwanu kuti mugule chombo china sikupweteka munthu. Kumbani mu Solo mtima uli m'malo. Mukasowa anthu, lowani Private Group yoletsa kuomberana, zilipo zazikulu ndithu. Mukafuna kulawa Open, ikani shield (chishango cha chombo) yabwino, musanyamuke opanda ndalama ya inshuwalansi, ndipo wina akakukokani musalimbane: tsitsani liwiro, gonjerani, kenako dumphirani ku nyenyezi ina, osati mkati mwa dera lomwelo.

Ku Sagittarius A* ndinabwererako chaka chotsatira. Madumpho khumi omaliza pobwera kunyumba ndinachita mu Solo, ndipo ndinagulitsa zonse ndisanapatse munthu moni.