Jupiter watuluka ngati kadontho koyera: chalakwika n'chiyani?

Wowerenga wina wa ku Zomba wanditumizira imelo. Akuti anabwereka telesikopu yaing'ono ndipo ndi maso anamuona bwinobwino Jupiter, mizere iwiri ya pamimba pake ndi timiyezi take tinayi. Koma atagunditsa foni pakagalasi koyang'anira, chomwe chinatuluka ndi kadontho koyera mbee. Funso lake: "Vuto ndi foni kapena telesikopu?"

Achimwene, zida zanu zilibe mlandu. Foni ikaona thambo lili bii, imayesa kuti kuwala kwachepa, ndiye imatsegula kamera nthawi yaitali mpaka Jupiter kupserera. Lowani pa Pro kapena Manual pa kamera ya foniyo, tsitsani ISO (mphamvu yomwe kamera imamvera kuwala) ifike 100 kapena 200, shutter (nthawi yomwe kamera imakhala yotsegula) muyambire pa 1/100 ya sekondi, muzisintha pang'onopang'ono mpaka mizere ija itulukire. Mukatero Io, Europa, Ganymede ndi Callisto, miyezi yomwe Galileo anaiona mu Januwale 1610 ndi telesikopu yofooka kuposa yanuyo, izimirira pachithunzi. Musadabwe, ndi yosawala kwenikweni, imafuna kuijambula payokha.

Koma mdani wamkulu ndi mpweya. Munaonapo momwe msewu wa tala umachitira mbaliwali masana a Okutobala? Zomwezo zimachitika pakati pa inu ndi Jupiter usiku wonse. N'chifukwa chake ojambula mapulaneti sadalira chithunzi chimodzi, amajambula vidiyo. Mwa tizithunzi masauzande ta m'vidiyomo, tina timagwa pa kamphindi komwe mpweya unadekha. Pakompyuta pali mapulogalamu atatu: PIPP imaika pulanetilo pakati, AutoStakkert imasankha tabwinoto n'kutisanjikiza, RegiStax imanola mizere. Onsewa ndi aulere. Pa RegiStax musakokomeze, ambiri amanola mpaka Jupiter kuoneka ngati wojambula ndi choko.

Vidiyo isapitirire mphindi ziwiri kapena zitatu. Jupiter amazungulira liwiro, tsiku lake silikwana maola 10, ndiye mukatalikitsa mizere imapakana.

Ine ulendo woyamba ndinaimika telesikopu pakhonde la simenti lomwe linawombedwa ndi dzuwa tsiku lonse, nditangoitulutsa m'nyumba. Jupiter ankavina ngati ali pansi pa madzi owira, ine n'kumatukwana telesikopu yosalakwa. Ikani yanu pakapinga, isiyeni panja theka la ola kuti izizire, ndipo dikirani pulanetilo likwere. Apa kwathu kuno tili ndi mwayi womwe a ku London amausirira: mapulaneti amakwera kwambiri, nthawi zina mpaka kudutsa pafupifupi paliwombo, pomwe mpweya ndi wochepa.

Foni musaigwire pamanja, pezani kachopanira kake. Ndipo poti dziko likuzungulira, Jupiter amathawa m'kagalasi mosakhalitsa. Muyikeni m'mphepete mbali yomwe akulowera, dinani kujambula, chotsani manja, adutse yekha.